Mphindi Zisanu M'laibulale

Kalata ya kusukulu inafika Lachiwiri, chakumapeto kwa Malichi, ndipo ndinaiwerenga chiimirire pakhomo, nsapato za kuntchito zidakali kuphazi. Inali yaifupi. Ati mwana wanga Shayna wachedwa kulowa m'kalasi la kemisitiri maulendo makumi atatu. Ati pasukulupo kuchedwa katatu amakuwerenga ngati kujomba tsiku limodzi, ndipo wojomba masiku khumi amachotsedwa m'phunzirolo. Tsono Shayna wachotsedwa.

Ine ndine Loreen. Ndimachapa zovala kunyumba yosamalira okalamba m'tauni mwathu muno, ndipo aliyense amadziwa kuti ndine wamtima wapachala. Tsiku limenelo ndinapsa mtima koopsa. Shayna anali m'giredi 12, chaka chomaliza. Koleji ina mumzinda wa Winnipeg inali itamusungira malo oti akaphunzire ntchito yoyeza magazi m'chipatala, koma pokhapokha akhoze kemisitiri pofika mu Juni. Popanda kemisitiri, malowo akanapatsa wina.

Ndinamupeza kukhitchini akudya buledi wopaka chiponde. Ndinaponya kalatayo patebulo n'kuyamba kulalata, osafunsa n'komwe. Ndinati kemisitiri imayamba 1 koloko, anthu atangotha kudya, m'nyumba yomweyo, ndiye munthu wamiyendo iwiri amachedwa bwanji kuchoka chipinda china kupita chinzake? Ndinati ine ndimapinda nsalu za anthu tsiku lonse kuti iye aphunzire. Kenako ndinatulutsa mawu amene ndimanong'oneza nawo bondo mpaka lero.

"Ndi chibwenzi chakochi. Chiyambireni za Noelle, mutu wako sukugwira."

Noelle ndi mtsikana amene Shayna amakondana naye. Chaka chapitacho Shayna anatiuza ine ndi bambo ake, a Garth, kuti iye mtima wake umakonda atsikana anzake, osati anyamata. Tinamuyankha kuti ndiwe mwana wathu basi, ndipo kuyambira pamenepo ndinkadziona ngati mayi womvetsa zinthu. Koma taonani, vuto litangogogoda, ndinathamangira pomwepo.

Shayna anaika bulediyo m'mbale. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Nanunso, Amayi?"

Mawu awiri amenewo anandikhazika pampando. Ndipo apa ndi pamene anandifotokozera zimene ndikanamva kalekale ndikanafunsa.

Mu Januwale, wina anawajambula iye ndi Noelle atagwirana manja kubwalo la hoke, masewera a timu oseweredwa pa ayezi, n'kumwaza chithunzicho m'mafoni a sukulu yonse. Njira yopita kukalasi la kemisitiri ndi imodzi yokha, kolido yopapatiza imene muli timakabati tosungiramo katundu ta anyamata a timu ya hoke. Belu likalira, anyamata anayi ankaima pamenepo. Shayna akamadutsa ankamuitana kuti "achimwene", ankamufunsa kuti ndevu zimera liti, ankamutsekera njira mpaka anene kuti chonde. Tsiku lina anamulavulira m'tsitsi. Tsiku lina anathira zakumwa m'chikwama mwake, makope onse n'kunyowa.

Mwanayo sanakhale chete. Sabata yoyamba ya Febuluwale anapita yekha kwa a Marchand, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. A Marchand anamuuza kuti njira yabwino ndi kupewa. Ati belu likalira azikhala kaye m'laibulale mphindi zisanu, kolido ikati zii, ndiye azipita kukalasi. Shayna anamvera. Tsiku lililonse ankalowa mochedwa ndi mphindi zisanu, tsiku lililonse mphunzitsi ankamulemba m'kompyuta kuti wachedwa. Choipa china, mphunzitsiyo amayamba phunziro ndi kamayeso ka mafunso asanu, ndipo wochedwa amapeza mapepala atatoledwa kale. Malikisi a mwana amene ankakhoza 88 anatsika kufika 51.

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati ankadziwa kuti ndikapita kusukulu kukakuwa, anyamatawo akamva, zinthu n'kuipiraipira.

Ankandidziwa bwino mwanayo, chifukwa m'mawa mwake ndinachita zomwezo. Ndinalowa mu ofesi ya a Marchand osagogoda. Iwo ndi munthu wosekerera nthawi zonse, wa mawu ofewa ngati akukugulitsa galimoto. Anandifunsa ngati ndimwe khofi. Ndinati sindinabwerere khofi. Ndinawafunsa ngati si iwo amene anauza mwana wanga kuti azidikira m'laibulale. Anakanda kumutu n'kunena kuti ana amabwera ambiri, sangakumbukire bwinobwino zimene anauza aliyense. Za kuchotsedwako ati si iwo, ndi kompyuta imene imawerenga yokha, ndipo Shayna atha kudzabwereza phunzirolo chaka chamawa.

"Mayi," anatero, "anyamata ndi anyamata. Komanso mwana wanuyu akanachepetsako kudzionetsera, izi zikanazilala zokha."

"Kudzionetsera? Anyamata omwewo amapsompsona zibwenzi zawo pakolido pomwepo, inu n'kumadutsa mukuseka. Wanga wangogwira dzanja, ndiye walakwa?"

Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kulembedwa pano. Ndinamenyetsa chitseko potuluka. Ndinadikira Lachinayi, ndinadikira Lachisanu, foni ili duu. Timu ya hoke inali ikupita kumasewera akuluakulu a chigawo chonse, zithunzi za anyamatawo zili mbwee m'mawindo a masitolo. Khoswe wa pamkhate sapheka, ndipo sukulu inali isakufuna kuswa mkhate wake chifukwa cha mtsikana mmodzi.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. A Garth amayendetsa lole yonyamula tirigu, ndipo bambo wa mmodzi wa anyamatawo amagwira nawo ntchito limodzi. A Garth anati tauni ndi yaing'ono, tisachulutse phokoso, mwina mwanayo angodikira chaka chimodzi. Ndinawafunsa ngati chaka cha moyo wa mwana chimagulidwa kugolosale. Tinagona chofulatirana.

Loweruka m'mawa ndinatuluka kukakokolola chipale chofewa chimene chinagwa panjira ya galimoto. Ndinkaponya fosholo ngati ndikumenya munthu. Ndinangomva mawu kuseri kwa mpanda.

"Mayi a Shayna, fosholoyo yakulakwirani chiyani?"

Anali Mayi Penner, oyandikana nawo nyumba, atavala jekete la malemu amuna awo, ndudu ili pakamwa. Mayiwa anakhala mlembi mu ofesi ya sukulu ina ya m'chigawo chathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri asanapume, ndipo lilime lawo ndi lakuthwa kuposa langa. Ndinawakhuthulira zonse, ndikuyembekeza kuti andithandiza kutukwana. Iwo anangophusa utsi.

"Munakalipa mphindi zingati?"

"Makumi awiri mwina."

"Analemba ndani zimene munanenazo?"

"Palibe."

"Ndiye simunapiteko."

Ndinatsala pang'ono kuwaponyera fosholo. Koma anandikokera m'khitchini mwawo n'kundikhazika pansi. Anati mu ofesi ya sukulu mawu a pakamwa amatuluka ndi mwini wake. Iwo anaona makolo ambirimbiri akukuwa, ndipo chitseko chikatsekedwa, anthu a mu ofesi amapuma kamodzi n'kupitiriza ntchito. Koma pepala lokhala ndi deti ndi dzina limakhala patebulo, ndipo wina amayenera kuliyankha.

Kenako anandiuza chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Anati m'kompyutamo muli mabatani awiri. Lina limati wachedwa. Lina limati wachedwa ndi chilolezo. Lachiwirilo silimuwerengera mwana mlandu ngakhale atachedwa chaka chonse. A Marchand akanangolemba kakalata ka mizere iwiri kwa mphunzitsi wa kemisitiri, bwenzi mphunzitsiyo akudina batani lachiwirilo. Sanalembe. Anapereka chilolezo chapakamwa, n'kuiwala.

"Tsono kompyuta si yolakwa," anatero Mayi Penner. "Imangodya zimene aipatsa."

Ndinati nanga tiwagwira bwanji, popeza akuti sakukumbukira? Anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa ngati ndinalowapo m'laibulale ya pasukulupo. Ati pakhomo pamakhala buku, ndipo mwana aliyense wolowa amalemba dzina ndi nthawi, potuluka chimodzimodzi. Ngati Shayna ankadikira mmenemo, dzina lake lilimo maulendo makumi atatu, nthawi yofanana tsiku ndi tsiku. Mwana wothawa phunziro sathawira m'laibulale n'kumasainira.

Anandiuzanso kuti sukulu ili ndi malamulo ake olembedwa okhudza chitetezo cha ana, ndipo kholo lililonse litha kupempha kope. Tilembere mphunzitsi wamkulu, kope lina lipite ku ofesi ya maphunziro ya chigawo. Tilembe zimene zinachitika ndi masiku ake, popanda kutukwana. Tinene chimene tikufuna, titchulenso tsiku loti ayankhe. Kumsonkhano tisapite tokha, pakhale wina wolemba.

Nditaimirira kuti ndikayambe, anandigwira mkono. Anati ndisathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhaniyi mwini wake ndi Shayna. Ndiyambe ndamufunsa ngati akufuna, ndipo ndisalembe chilichonse cha moyo wake chimene iye sakufuna kuti anthu a mu ofesi awerenge.

Nditamufunsa, Shayna anakana. Anati watopa, angomusiya, adzikagwira ntchito kumalo omwetsera mafuta ngati ena. Mtima unkandiuza kuti ndimukakamize, koma ndinadziluma lilime. M'malo mwake ndinamupepesa chifukwa cha mawu anga aja okhudza Noelle. Ndinamuuza mosazungulira kuti ndinalakwa, ndipo kuti kukonda kwake si kumene kunamuchotsa m'kalasi. Anangogwedeza mutu n'kulowa kuchipinda.

Lamulungu masana anatuluka ndi foni ndi kope. Anati tsiku lililonse zikachitika ankalembera Noelle uthenga, choncho masiku onse anali nawo. Tinakhala patebulo, iye akuwerenga, ine ndikulemba. Febuluwale 6, anamutsekera njira. Febuluwale 7, anapita kwa a Marchand. Febuluwale 19, anayesa kudutsa pa nthawi yake kuti asaphonye mayeso, ndi tsiku limene anamulavulira. A Garth anali pampando wawo ngati akuonera kanema. Titafika pa za malovuzo, anazimitsa kanemayo. Khosi lawo linafiira.

Lolemba Shayna anapita yekha kwa mayi woyang'anira laibulale kukapempha masamba a buku lija. Mayiyo anamujambulira onse, n'kumuuza kuti wakhala akudabwa chifukwa chimene mtsikana wanzeru chonchi amakhalira pafupi ndi chitseko, maso ali pawotchi. Kalata inapita tsiku lomwelo. Lachitatu foni inalira, a sukulu akutiitanira kumsonkhano. Taonani, pepala limodzi linachita m'masiku awiri zimene kukuwa kwanga kunalephera.

Kumsonkhano kunali mphunzitsi wamkulu Mayi Desjarlais, a Marchand, ndi mphunzitsi wa kemisitiri a Tran. Ife tinalipo atatu, ine, Shayna ndi a Garth atavala zakuntchito, komanso Mayi Penner atakhala pakona ndi kope pamwendo. A Marchand ataona cholembera chikuyenda, kusekerera kuja kunachepa.

Mayi Desjarlais anayala masamba a ku laibulale patebulo. Dzina la Shayna linali pa tsamba lililonse: kulowa 12:58, kutuluka 1:04. Anafunsa a Marchand ngati tsopano akukumbukira. Iwo anati inde, zikuoneka kuti ananenadi, koma ankafuna kumuteteza mwanayo. A Tran anakwiya kuposa ine. Anati miyezi iwiri akhala akuganiza kuti wophunzira wawo wanzeru kwambiri wayamba mwano, ndipo palibe amene anawauza kanthu. Anatembenukira kwa Shayna n'kumupepesa chifukwa choona malikisi akutsika koma osamuitanira pambali kumufunsa.

Mphunzitsi wamkulu anati kuchedwa konse kufufutidwa ndipo Shayna abwerera m'kalasi. Ndinapuma. Kenako anawonjeza kuti pofuna kuti zisachitikenso, amulembera chilolezo choti azinyamuka mphindi zisanu belu lisanalire, azidutsa kolido isanadzaze. Ine ndinali pafupi kuvomera, kunena zoona. Koma amene anayankha ndi Shayna.

"Ayi, aphunzitsi. Poyamba munati ndizichedwa, pano mukuti ndizifulumira. Ine ndikufuna kuyenda belu likalira, ngati wina aliyense. Sindinalakwe kanthu."

Apa a Garth, amene chilowereni anali asanatsegule pakamwa, anaika chipewa chawo patebulo.

"Galu akamaluma anthu pamsewu, mumamanga galuyo," anatero. "Simuuza anthu kuti azidutsa iye akagona. Mwana wanga ayenda pa nthawi yake. Mayi Penner, lembani zimenezo."

"Ndalemba kale," anayankha Mayi Penner.

Mayi Desjarlais anati Shayna akunena zoona. Tinatuluka ndi pepala losainidwa. Anyamata anayi aja anaitanidwa pamodzi ndi makolo awo, timakabati tawo anatisamutsira kumbali ina ya nyumbayo, ndipo amene analavula uja anaimitsidwa sukulu masiku atatu n'kuphonya masewera. Aphunzitsi anayamba kusinthana kuima m'kolido belu likalira. A Tran analola Shayna kulemba mayeso onse amene anaphonya.

Musaganize kuti tauni inatiombera m'manja. Mnzawo wa a Garth uja anasiya kuwapatsa moni. Kugolosale mayi wina anandiuza kuti tawonongera anyamata tsogolo chifukwa cha nthabwala. Ndinamufunsa ngati angakonde nthabwala ya malovu m'tsitsi mwake, nthawi yomweyo, pamzere pomwepo. Anakankha kangolo kake koikamo zogula n'kupita. A Marchand sanapepese mpaka lero, ndipo ndikawaona mtima umandiwirabe.

Koma china chinachitika chimene sindinkayembekeza. A Tran anayamba kusiya chitseko cha kalasi lawo chotsegula nthawi ya nkhomaliro, n'kumata kapepala kakuti aliyense ndi wolandiridwa muno, ndipo mawu onyoza salowa. Sabata yoyamba munali Shayna ndi Noelle okha. Pofika mu Meyi ankakwana khumi ndi mmodzi. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa giredi 10 amene anali atasiyiratu phunziro la zolimbitsa thupi chifukwa choopa chipinda chosinthiramo zovala. Nayenso anali atauzidwa pakamwa kuti azingopewa. Mayi ake anabwera kwathu kudzafunsa kalembedwe ka kalata, ndipo ndinawatengera kwa Mayi Penner.

Mu Juni Shayna anakhoza kemisitiri ndi 81. Anandidandaulira kuti akanatha kuposa pamenepo, ine n'kumuuza kuti asandiyambe. Kumapeto kwa Ogasiti tinamuperekeza ku Winnipeg, a Garth akuyendetsa, katundu atadzaza mpaka kuwindo lakumbuyo. Pano ali chaka chachiwiri.

Ndikulemba izi chifukwa cha makolo anzanga ndi aphunzitsi. Mwana amene ankakhoza akayamba kuchedwa, kujomba kapena kulephera, mufunseni musanamukalipire. Mwana wamantha samva phunziro, ngakhale mphunzitsi atakhala katswiri chotani. Akakuuzani kuti akuzunzidwa chifukwa cha amene amamukonda kapena mmene alili, mukhulupirireni, mufunseni chimene akufuna, ndipo dandaulo lanu likhale lolembedwa, la masiku ake. Chilichonse chimene a sukulu alonjeza, pemphani kuti achilembe. Ndipo musavomere njira yobisa mwana wanu kuti ozunza asamuone. Sukulu ndi ya mwana aliyense, ndipo wofunika kusintha ndi wozunzayo.

Mkwiyo wanga unali woyenera, sindiupepesa. Cholakwika chinali choti ndinayamba kuukhuthulira pa munthu yekhayo amene analibe mlandu.